Phungu Wopanda Unkhoswe: Nkhani ya Makhalidwe Yochokera ku Joni

Nkhani ya madzulo ano ipita kwa omvera onse a m'maiko atatu a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, amene kuyambira 1953 kufikira 1963 anali pansi pa Boma limodzi la Chitaganya. Mutu wache ndi wa makhalidwe, ndipo funso limene ifuna kuyankha ndi ili: kodi munthu wolankhula kwambiri za makhalidwe abwino ndiye munthu wa makhalidwe abwino? Funsoli limveka ngati la ana a sukulu, komatu lasautsa akulu ambiri pa mabwalo a milandu, m'mipingo ndi m'mabanja. Kuti liyankhidwe bwino, nkhaniyi itengera omvera ku Johannesburg, mzinda umene anthu a m'maiko atatuwa autcha Joni, pakuti kumeneko mau a makhalidwe analankhulidwa ochuluka ndithu, ndipo ambiri mwa mauwo anagwera pa amuna ochokera kutsidya lino la Limpopo ndi Zambezi.

Zinthu ziwiri zofanana nkhope

Poyamba kuyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zifanana nkhope monga ana amapasa, koma mitima yao iri yosiyana. Choyamba ndicho makhalidwe eni ache, ndiko kunena machitidwe a munthu kwa anzache: kusunga pangano, kubweza ngongole, kupatsa mlendo madzi ndi mphasa, kusadyera masuku pamutu munthu wopanda mphamvu, ndi kunena zoona pa bwalo ngakhale zoonazo zigwetse mbale wache. Makolo anachitcha chinthu chimenechi umunthu, ndipo poweruza munthu sanachulukitse mau. Ankangoti, uje ndi munthu, kapena, uje si munthu. Chachiwiri ndicho kulalikira makhalidwe, ndiko chizolowezi cha kusandutsa bvuto liri lonse kukhala mlandu wa mtima wa munthu wina. Wolalikira wotere akaona wosauka ati ndi ulesi, akaona wodwala ati ndi chigololo, akaona woledzera ati ndiwo mtundu wao. Ndipo akatha kulankhula abwerera kwao mtima uli m'malo, osatayapo kanthu.

Kusiyana kwa zinthu ziwirizi kuoneka bwino pa mwambo wa unkhoswe. Pa ukwati wa Achewa pakhala ankhoswe a mbali ziwiri, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi. Nkhoswe ali nayo mphamvu ya kudzudzula mwamuna kapena mkazi ndi mau owawa amene munthu wina sangayese kuwatchula. Koma mphamvu imeneyo siibwera yokha. Banja likasokonezeka pakati pa usiku, iye ndiye adzutsidwa. Mlandu ukafika kwa mfumu, iye ndiye aimirira. Pakagwa matenda kapena maliro, iye ndiye ayamba kuuzidwa. Mau ache alemera chifukwa mapewa ache asenzako katundu wa banjalo. Wolalikira makhalidwe ndiye phungu amene afuna mphamvu ya nkhoswe koma akana katundu wache.

Mzinda wa golide ndi amuna okhaokha

Golide anapezeka pa zitunda za Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo mzinda wa Johannesburg unabadwa chaka chomwecho. Mwala wa golide wa kumeneko uli pansi patali, ndipo golide wa m'kati mwache ndi wochepa, kotero kuti eni migodi anaona kuti phindu lao lidalira anchito ambiri a malipiro ochepa. Chifukwa chache anakhazikitsa bungwe lolemba anthu lotchedwa Witwatersrand Native Labour Association, limene anthu analifupikitsa nati Wenela. Amuna a ku Nyasaland anayamba kulembedwa mu 1903, koma chibayo chinapha ochuluka mwa anthu a kumpoto, kufikira kuti mu 1913 Boma la South Africa linaletsa kulemba anchito ochokera ku maiko otentha. Chiletsocho chinachotsedwa m'zaka za m'ma 1930. Pakati ponsepo ambiri anapitabe paokha, ulendo umene ankautcha selefu, pakuti msonkho unafuna ndalama ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Komiti imene Bwanamkubwa wa Nyasaland anaika mu 1935 inapeza kuti amuna okwana ngati 120,000 anali kunja kwa dziko lao. Pofika 1973 Amalawi ogwira nchito m'migodi ya South Africa anapitirira 100,000.

Mwamuna akafika pa mgodi ankagonekedwa m'komboni, nyumba zotchingidwa zokhalamo amuna zikwi, m'chipinda chimodzi anthu makumi, pa mabedi a simenti osanjikana. Mkazi ndi ana sanaloledwe kumtsata. Nyumba za mabanja zinaloledwa kwa anchito akuda osapitirira 3 pa 100 ali onse. Kwa zaka zambiri malipiro a tsiku anali pafupi ndi mashilingi 2, ndipo katswiri wa za chuma Francis Wilson anasonyeza m'buku lache la 1972 kuti zimene malipiro a wanchito wakuda anakhoza kugula mu 1969 sizinaposa zimene anakhoza kugula mu 1911.

M'malo otere munamera zoipa zimene nkhalamba iri yonse ya kumudzi ikadalosera: kuledzera, njuga, ndeu, uhule ndi kuiwala kwao. Ndipo akulu a mzinda, a migodi ndi a mipingo analankhula za zoipazo zaka ndi zaka. Zitsanzo zitatu zisonyeza m'mene analankhulira.

Nkhani ya mowa

Mu 1883 kunatsegulidwa fakitale yotcheza kachasu wachizungu ku Hatherley, pafupi ndi Pretoria, ndipo migodi itayamba, anchito akuda anasanduka ogula ache akulu. Poyamba eni migodi sanadandaule, pakuti wanchito amene wamwera malipiro ache akhalitsa pa nchito, alibe chobwerera nacho kwao. Koma amuna atayamba kulephera kutsika m'mgodi chifukwa cha matsire, liu linasintha. Mu 1896 Boma la Transvaal linapanga lamulo loletsa kugulitsa mowa kwa anthu akuda, ndipo linayamba kugwira nchito chaka chotsatira. Kuyambira pamenepo kunamveka ulaliki wambiri wonena kuti munthu wakuda sangathe kudzigwira pa chakumwa.

Chiletsocho sichinathetse ludzu. Amai a m'mayadi a mzinda anayamba kufulula mowa mobisa, nakwirira zitini zao pansi poopa apolisi. Popeza mowa wa masese ufuna masiku ndipo fungo lache limveka patali, ena anatembenukira ku zakumwa zopsa msanga ndi zoononga thupi, monga skokiaan. Amai zikwi anamangidwa ndi kulipitsidwa. Ndipo mu 1938 Kansolo ya mzinda wa Johannesburg inatsegula holo yache yoyamba ya mowa, potsata chitsanzo cha mzinda wa Durban, ndipo phindu la mowawo ndilo linayendetsa nchito zambiri za m'malokeshoni. Chotero mai wofulula mowa kuti alipirire ana ache sukulu anatchedwa woononga mtundu, pamene Kansolo yofulula mowa womwewo m'matanki inatchedwa yosamala anthu. Chiletso cha mowa wachizungu chinachotsedwa mu 1962, ndipo mu June 1976, pa chipolowe cha ku Soweto, maholo a mowa anali pakati pa nyumba zoyamba zimene ana a sukulu anatentha, ponena kuti ndimo munathera ndalama ndi mphamvu za makolo ao.

Apa paoneka chizindikiro choyamba cha ulaliki wopanda unkhoswe: liu lache litembenuka potsata phindu la wolankhula. Kuledzera kunali koipa mu 1890 monga momwe kunaliri koipa mu 1897 ndi mu 1938. Chimene chinasintha ndicho thumba limene ndalama za mowa zinagweramo.

Mbusa wa kanema

Si onse olalikira makhalidwe amene anali achinyengo. Mu 1918 ku Johannesburg kunafika mbusa wa ku America, dzina lache Ray Phillips, wotumidwa ndi mishoni ya American Board. Anali munthu wachangu ndi wofunira anthu zabwino. Iye anaona kuti mwamuna wa pa mgodi akaweruka alibe kopita koma ku mowa, ndipo anatsimikiza mtima kuti nthawi ya kupumula ya anthu akuda iyenera kudzazidwa ndi zinthu zoongola makhalidwe. Anayamba kuyendetsa makina a kanema m'makomboni, chinthu chimene anchito ankachitcha baisikopo, ndipo bungwe la eni migodi, Chamber of Mines, linamthandiza ndi ndalama. Zithunzizo zinkayamba zasankhidwa, ndi kudulidwa mbali zimene zinayesedwa zosayenera maso a anthu akuda. Mu 1924 anathandiza kutsegula Bantu Men's Social Centre pa mseu wa Eloff, nyumba ya mabuku, masewera ndi misonkhano ya mtsutso. Iye mwini anasimba m'mene, pa chipolowe cha anchito achizungu cha 1922, anaziziritsira mitima ya anchito akuda okwiya pa komboni ina powaonetsa zithunzi zoseketsa za Charlie Chaplin.

Amuna a m'makomboni anakondwa ndi kanemayo, ndipo kuseka kwa munthu wotopa si chinthu chopeputsa. Koma kuyenera kufunsa chifukwa chimene eni migodi anatsegulira thumba lao pa nchito imeneyi. Mu February 1920 anchito akuda okwana ngati 70,000 ananyanyala nchito pofuna malipiro abwino, ndipo anabwezedwa m'migodi ndi mfuti. Mu August 1946 zinachitikanso, amuna akupempha mashilingi 10 pa tsiku; ena anaphedwa ndipo ambiri anapwetekedwa. Kanema wa pa sabata anali wotsika mtengo koposa kuonjeza shilingi pa malipiro, ndi koposa kumanga nyumba zoti mwamuna akhalemo ndi mkazi wache. Nchito ya kuongola makhalidwe inaloledwa kukhudza madzulo a wanchito, koma usana wache, malipiro ache ndi banja lache zinatsala m'manja mwa ena.

Ichi ndi chizindikiro chachiwiri: ulaliki wotere usadza nthambi zimene ziri pa munthu wamng'ono, ndipo usiya muzu chifukwa muzuwo uli m'munda wa munthu wamkuru.

Chilungamo chifuna kuti mbali yina ya Phillips inenedwenso. M'buku lache la 1938, *The Bantu in the City*, analemba mosabisa za kuchepa kwa malipiro ndi kuipa kwa nyumba. Kuyambira 1941 anatsogolera sukulu ya Jan H. Hofmeyr yophunzitsa nchito zothandiza anthu, kumene anaphunzirako Joshua Nkomo wa ku Zimbabwe, Ellen Kuzwayo ndi Winnie Madikizela. Ndipo m'nyumba yomweija ya pa mseu wa Eloff ndimo mu 1944 munakhazikitsidwa nthambi ya achinyamata ya African National Congress, ya Anton Lembede, Nelson Mandela, Walter Sisulu ndi Oliver Tambo. Anyamata amene anaitanidwa kuti aphunzire khalidwe anaphunziradi, ndipo anatembenuka nafunsa za khalidwe la iwo amene anali kuwalamulira.

Lamulo lobvala dzina la makhalidwe

Chitsanzo chachitatu ndicho choopsa koposa. Mu 1927 Nyumba ya Malamulo ya South Africa inapanga lamulo lotchedwa Immorality Act, ndiko kunena lamulo loletsa chisembwere. Womva dzina lokha angayese kuti linali loteteza mabanja. Komatu linaletsa kugonana kunja kwa ukwati pakati pa Mzungu ndi munthu wakuda basi. Chigololo cha anthu a khungu limodzi silinachione ngati mlandu. Mu 1949 maukwati a Azungu ndi anthu a mitundu yina analetsedwa, ndipo mu 1950 lamulo lija linakuzidwa kuti ligwire mitundu yonse yosakhala yachizungu. Apolisi anasuzumira pa mazenera nalowa m'zipinda za anthu usiku, ndipo anthu zikwi anachititsidwa manyazi pa makhoti, kufikira chiletsocho chinafafanizidwa mu 1985. Chimene lamulolo linasamala ndicho khungu, koma linadzikuta ndi dzina la makhalidwe monga chilonda chikutidwa ndi nsaru yoyera.

Mau onga omwewo anamveka pa nkhani ya Sophiatown, dera la kumadzulo kwa mzinda kumene anthu akuda anali ndi ufulu wogula malo kukhala ao ao. Kunalidi kuthinana, kunalidi mashabini ndi magulu a atsotsi. Boma linati likuyeretsa malo auve. Pa 9 February 1955 apolisi okwana ngati 2,000 anafika m'mamawa, nakweza mabanja oyamba pa malole kunka nao ku Meadowlands. M'zaka zochepa nyumba zinagwetsedwa, pa malopo panamangidwa nyumba za Azungu, ndipo dera linapatsidwa dzina lakuti Triomf, ndiko kunena chipambano. Dzina la Sophiatown linabwezedwa mu 2006.

Wansembe amene anasenza

M'dera lomwelo munali munthu wina wolankhula za makhalidwe, koma wa mtundu wosiyana. Bambo Trevor Huddleston, wansembe wa mpingo wa Anglican wa chipani cha Community of the Resurrection, anafika mu 1943 pa tchalichi cha Christ the King. Iye anadziwa zoipa za ku Sophiatown koposa akulu a Boma, pakuti ndiye anali kuyenda m'misewu yache tsiku ndi tsiku. Anathandiza kuyambitsa nchito yodyetsa ana a sukulu, anapempha ndalama zomangira dziwe losambiramo ana ku Orlando, ndipo mu 1954 anapezera lipenga mnyamata wina wobvuta wa pa sukulu ya St Peter's, amene pambuyo pache dziko lonse linamdziwa ndi dzina lakuti Hugh Masekela.

Desmond Tutu, amene anadzakhala Bishopu wa Johannesburg mu 1985, ankasimba kawirikawiri zinthu ziwiri za ubwana wache. Choyamba, anaona wansembe wachizungu ameneyu akubvulira chisoti amai ache, mai wakuda wogwira nchito yophika, chinthu chimene sanachionepo. Chachiwiri, pamene anagona m'chipatala miyezi pafupifupi 20 ndi chifuwa chachikuru, wansembeyo sanaleke kudzamzonda. Palibe ulaliki umene unanenedwa pa kubvula chisoti kuja, koma mnyamatayo anaphunzirapo za ulemu wa munthu phunziro limene analisunga kufikira imfa yache.

Bambo Huddleston sanali munthu wachete iai. Analankhula mau akuthwa, koma anawalunjikitsa kwa eni mphamvu, kwa Azungu anzache ndi kwa mpingo wache womwe. Tsiku la kusamutsidwa lija anali pakati pa anthu ache. Mu 1956 anachoka m'dzikomo ataitanidwa ndi akulu a chipani chache, ndipo chaka chomwecho buku lache lotchedwa *Naught for Your Comfort* linadziwitsa maiko za ku Sophiatown. Anamwalira mu 1998, ndipo phulusa la thupi lache linabwezedwa ku tchalichi cha Christ the King. Iyeyu ndiye chitsanzo cha phungu amene analandira unkhoswe pamodzi ndi katundu wache.

Uphungu sunathe nchito

Pano pali mbuna yina imene womvera angagwemo. Angaganize kuti uphungu wonse ndi chinyengo, ndi kuti cholakwa chiri chonse cha mwamuna wa ku Joni chiyenera kuikidwa pa Wenela. Kuganiza kotero ndi kulanda munthu umunthu wache kachiwiri, pakuti ndiko kunena kuti iye anali ngati chikuni chotengedwa ndi madzi. M'chipinda chimodzi munkagona amuna awiri a malipiro ofanana. Wina anatumiza ndalama za msonkho ndi bulangete, nabwerera kwao, ndipo wina anasanduka mtchona, osalemba ngakhale kalata. Mkazi wotsala kumudzi, amene analima yekha ndi kufolera nyumba yekha, anabvutika ndithu, ndipo kudziwa za kuipa kwa komboni sikunadzaze nkhokwe yache. Mtchona uja analakwa, ndipo panafunika munthu womuuza.

Koma ndani amene anakhoza kumuuza, iye namva? Anali anzache a kumudzi kwao, amene anasonkha naye ndalama za bungwe la maliro, amene anamwerengera makalata ngati sanadziwe kuwerenga, amene anakamzonda m'chipatala cha pa mgodi. Mmodzi wa iwo ankakhoza kumtengera pambali tsiku la Sabata ndi kunena mau onga awa: "Achimwene, alamu athu akudandaula kumudzi, ndipo ana alibe chobvala. Mwezi uno tumizaniko kangachepe. Ngati zabvuta, ine ndikubwerekani, mudzabweza pa malipiro." Mau amenewa ndi chidzudzulo ndithu, koma m'kati mwache muli dzanja lothandiza, ndipo anenedwa ndi munthu wogona pa simenti yomweyo.

Pamenepa paoneka chimene makhalidwe ali. Ali ndi mbali ziwiri zosalekanitsika: udindo wa munthu pa zochita zache, ndi chilungamo cha malo amene anthu anzache amuikamo. Wonena za udindo wokha asanduka wolalikira. Wonena za malo okha asanduka wolekerera. Ndiponso makhalidwe si chuma cha mtundu umodzi kapena mpingo umodzi. Pansi pa mgodi, mwala ukagwa, Mchewa, Mtonga, Mshangani ndi Msuthu ankakumba pamodzi kufuna mnzao amene sanali kumva chinenero chache koma Chifanakalo cha pa nchito. Palibe anawalamula ndi buku. Ali yense anadziwa yekha kuti chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Miyeso inai

Kuchokera pa zitsanzo zimenezi patuluka miyeso inai imene munthu angayesere mau a makhalidwe, a mnzache kapena ache omwe.

Muyeso woyamba ndi wa katundu. Kodi wolankhulayo asenzako kanthu pa bvutolo, kapena akatha kulankhula apita osadzabweranso? Wachiwiri ndi wa mlingo. Kodi mlingo umene ayesera wamng'ono ayesera nao wamkuru ndi iye mwini? Akulu anaona kale kuti anyani asekana zikundu. Wachitatu ndi wa kufunsa. Kodi wayamba wafunsa chimene chinamfikitsa munthuyo pamenepo, monga mfumu yabwino imva mbali zonse isanagamule, kapena anali nacho chigamulo asanamve nkhani? Wachinai ndi wa chipatso. Kodi wodzudzulidwayo atsala ali ndi njira yobwerera, kapena atsala ndi manyazi okha? Ankhoswe alangira banja m'nyumba chitseko chiri chotseka, chifukwa afuna kuti banjalo lichire. Wolalikira akonda pa bwalo, chifukwa afuna kuti anthu aone kuyera kwache.

Joni wa masiku ano

Ulendo wa Wenela unatha. Pa 4 April 1974 ndege ya bungwelo inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70 obwerera kwao, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Kulembako kunayambanso mu 1977 nikuleka mu 1988. Koma mabala ache adakalipo. M'midzi muli nkhalamba zimene fumbi la mwala linaononga mapapu ao, matenda otchedwa silikosisi, amene aitananso chifuwa chachikuru. Ndipo ena mwa iwo pobwerera ananenedwa kuti ndi aulesi chifukwa sanathe kugwira khasu. Mu 2019 khoti lalikuru la ku Johannesburg linabvomereza pangano lakuti makampani 6 a migodi ya golide apereke ndalama zokwana 5 biliyoni randi kwa odwala ndi mabanja ao, kudzera m'bungwe lotchedwa Tshiamiso Trust. Patapita zaka zoposa 100 za kulalikira za khalidwe la wanchito, khalidwe la mwini mgodi linafunsidwanso.

Anyamata ndi atsikana apitabe ku Joni pa mabasi odzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kukagwira nchito m'masitolo, m'nyumba ndi m'minda ya maluwa. Mu May 2008 chiwawa cholimbana ndi alendo chinabuka ku Alexandra nichifalikira kwina, ndipo anthu 62 anaphedwa. Chiwawacho chinatsogoleredwa ndi mau onena kuti alendo ndiwo akuba ndi olanda nchito, mau oweruza mtundu wonse ndi mlandu umodzi. Pa nthawi yomweyo tchalichi cha Central Methodist pakati pa mzinda, motsogoleredwa ndi Bishopu Paul Verryn, chinagoneka othawa zikwi, ambiri a iwo a ku Zimbabwe. Zinthu ziwiri zija zofanana nkhope zinaonekanso mumzinda umodzi, chaka chimodzi.

Nkhaniyi ithera pa khomo la womvera ali yense. Tsiku lina mnyamata adzatsika basi kuchokera ku Joni ali chimanjamanja, kapena ali wodwala, kapena atakhala zaka zambiri osatumiza mau. Abale adzasonkhana, ndipo mau sadzasowa. Mwina analakwadi, ndipo kuyenera kuti auzidwe. Koma asanatsegule pakamwa, atsibweni ache ndi akulu a pamudzi achita bwino kuyamba ampatsa madzi ndi nsima, kumva za ulendo wache kufikira kumapeto, ndi kupangana kuti ndani amene amgawire munda ndi mbeu chaka chino. Amene wabvomera kusenza zimenezo ndiye ali ndi ufulu wonse wa kumdzudzula, ndipo mau ache adzamveka.